Siteji, wailesi kapena kamera: kusankha poika sewero lanu muno mu Mzuzu

Pafupifupi mwezi uliwonse kwathu ku Chibavi kumafika mnyamata kapena mtsikana, kope lalikulu lili m'khwapa, n'kunena kuti, "Akulu, ndalemba filimu, tandionerani." Ndikatsegula, kawirikawiri ndimapeza mayi ndi mwana wake ali pabalaza, akukangana za malowolo masamba 15 osadzuka pampando. Mkanganowo umakhala wokoma, wina woluma mpaka ndimaseka ndekha. Koma si filimu ayi. Ndi sewero la pa wailesi lovala malaya obwereka. Wolembayo akaumirira kulijambula pa kamera, amathera ndalama ya fizi pa chinthu chimene anthu amachisiya chisanafike mphindi yachitatu.

Izi ndalembera inu amene nkhani muli nayo kale, anzanu ochita nawo alipo, koma simunasankhe koipititsa. Njira ndi zinayi: sewero la pa siteji, sewero la pa wailesi, kanema wamfupi wojambula pa foni, ndi filimu yaitali.

Zoyezera zake

Tisanafike pa ndalama, dziwani kumene nkhani yanu imapumira. Nkhani ina mphamvu yake ili m'kamwa mwa anthu ake: mawu, mikuluwiko, kunamizana, kuulula. Ina imafuna anthu oonera akhale pompo, aseke, ang'ung'udze, wosewera ayankhe ndi thupi. Ina ili m'maso basi: mayi akuwerenga ndalama katatu asanapereke kwa wogulitsa usipa, kenako n'kubweza mulu umodzi. Palibe wanena kuti kunyumba zinthu zavuta, koma tonse tamva. Tengani cholembera, dulani mawu onse olankhulidwa pa tsamba limodzi. Ngati zotsalazo munthu angazitsatirebe, muli ndi mbewu ya filimu. Ngati tsamba layera, kamera muiiwale kaye.

Mukatero, njira iliyonse muiyeze pa zinayi: mtengo, kupezeka kwa malo ndi zipangizo muno, kusamalira kwake ntchito ikayamba, ndi zimene zingakugwetseni. Manambala a mitengo sindilemba. Kuyambira pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimakwera inu muli m'njira yopita kukagula. Ndingonena chimene chimadya ndalama kwambiri pa njira iliyonse.

Pali ziwiri zokhudza njira zonse. Lamulo la 1968 loyang'anira zisangalalo limafuna kuti sewero kapena filimu yoonetsa pagulu idutse ku Censorship Board. Ndipo nyimbo ya mwini ndi ya mwini: bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa luso, lilipo kuyambira 1992, lamulo la umwini wa luso linakonzedwanso mu 2016. Izi muziike mu bajeti poyamba, osadikira tsiku loonetsa.

Sewero la pa siteji

Iyi ndiyo njira imene Amalawi tinazolowera. Kwathu Drama Group inaonetsa kuti Chichewa chimadzaza holo. Du Chisiza Jr, wa mbumba ya ku Karonga, anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, n'kuyesa kuti zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu. Ambiri mwa osewera athu anaphukira m'mipikisano ya zisudzo za m'sukulu ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. Choncho anthu odziwa kuima pa siteji si osowa.

Mtengo. Kulemba ndi kuyeserera n'kwaulere ngati muli ndi kalasi kapena khonde la tchalitchi. Ndalama imapita pa holo, zokuzira mawu, mapositala, ndi thiransipoti ya gulu. Ya thiransipotiyo anthu amaipeputsa, koma anthu khumi kukwera sacramento (njinga za kabaza) kuchoka ku Luwinga, Zolozolo ndi Mchengautuwa katatu pa sabata kwa miyezi iwiri, muwerenge nokha. Wolemba wanzeru amachepetsa mtengo ali pa pepala pomwe: osewera asanu kapena asanu ndi mmodzi, malo awiri, katundu wokwana m'chikwama chimodzi cha ukwati ndi benchi.

Kupezeka. Maholo a sukulu, a mipingo ndi a mahotela alipo. Vuto ndi tsiku. Loweruka mukulimbirana ndi maukwati ndi zinkhoswe, Lamulungu masana mukulimbirana ndi mpira ku Mzuzu Stadium. Kumapeto kwa mwezi n'kumene anthu ali ndi ya tikiti, ndipo n'kumenenso aliyense akufuna holo yomweyo.

Kusamalira. Sewero la pa siteji limakhala m'mitu ya anthu, ndiye kulisamalira n'kusamalira anthuwo. Kuno kumpoto tikudziwa mmene zimakhalira: mwayeserera masabata asanu ndi limodzi, kenako wosewera wamkulu uja mwangomva kuti wakwera basi ya ku Joni. Mbali iliyonse yaikulu ikhale ndi munthu wachiwiri woidziwa. Za kagawidwe ka ndalama ya pakhomo mugwirizane musanagulitse tikiti ndi imodzi yomwe. Magulu ambiri amene ndawaona akutha sanathe chifukwa chosowa luso.

Zogwetsa. Mvula ya Mzuzu ikagwa pa denga la malata, mawu a wosewera amamira, ndipo mvula yathu sithamangira kuchoka mwezi wa Epulo. Magetsi akhoza kuzima pakati pa sewero, choncho jenereta kapena osewera a mawu amphamvu n'zofunika. Koma chogwetsa chachikulu ndi chiseko. Wosewera akangomva anthu aseka, amawonjezera zake, mawa amawonjezeranso, pofika sabata yachitatu sewero la maliro lasanduka nthabwala ya chidakwa. Izeki ndi Jakobo ankaseketsa chifukwa ankadziwa polekezera. Owatsanzira ambiri anatengako phokoso lokha.

Komabe palibe mphunzitsi wa wolemba woposa holo. Pamene anthu ayamba kuyang'ana mafoni, pamenepo ndi pamene mwalemba zosafunika. Mumabwerera kunyumba, mumadula, sabata yamawa mumayesanso. Kamera siyipereka mwayi umenewo.

Sewero la pa wailesi

Njira iyi achinyamata amaiderera, ati ndi ya agogo. Ine ndimaiika patsogolo, ndipo ndiima pano nthawi yaitaliko.

Wailesi imafika kumene holo ndi bandulo ya intaneti sizifika: ku Euthini, ku Usisya, m'minda ya khofi ku Misuku. A bungwe la Story Workshop atayamba sewero la pa wailesi la Zimachitika mu 1997 anaonetsa kuti anthu akhoza kutsatira banja longopeka zaka ndi zaka ngati achibale awo. Ndipo kwa wolemba, wailesi ndi dziko lopanda malire. Mukufuna ngozi ya basi pa Chiweta? Mukufuna bwato likumira pa nyanja usiku? Ndi beseni la madzi, malata akale ndi anthu atatu odziwa kukuwa. Pa filimu zimenezo simungazikwanitse ngakhale mutagulitsa munda.

Mtengo. Kujambula n'kotchipa: maikolofoni imodzi yabwino, kompyuta yakale, ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Situdiyo ndi chipinda chogona, matiresi ataimikidwa kukhoma, bulangete pa zenera. Chodula ndi nthawi ya pa wailesi. Mukapanda wolipira, mumalipira nokha, kupatula ngati mwagwirizana ndi wailesiyo kuti sewero likhale pulogalamu yawo.

Kupezeka. Muno tili ndi situdiyo za MBC ku Kaning'ina, Voice of Livingstonia ya Sinodi ya Livingstonia, ndi Radio Tigabane ya Dayosizi ya Mzuzu. Wailesi za mipingo zili ndi mfundo zawo pa zimene zingaulutsidwe, ndiye mufunse musanalembe magawo khumi. Palinso khomo lina: sewero la mawu okha ndi lopepuka, limayenda pa WhatsApp popanda kumaliza bandulo ya munthu. Kanema wa utali womwewo anthu amamuopa kutsegula.

Kusamalira. Apa ndi pamene thukuta lili. Wailesi imadya sabata iliyonse ndipo siidziwa kuti kwanu kuli maliro. Musayambe kuulutsa musanajambule magawo asanu ndi limodzi. Sungani kabuku kolemba mbiri ya munthu aliyense wa m'seweromo, chifukwa omvera amakumbukira kuti mu gawo lachiwiri munati malume aja ndi a ku Ekwendeni, pomwe inu mwaiwala.

Kalembedwe kake kali ndi malamulo amene ndimaona akuswedwa tsiku ndi tsiku. Pa chochitika chimodzi pasapitirire mawu a anthu atatu kapena anayi, ndipo asafanane: osaika atsikana awiri a mawu ofanana kuti azikangana. Anthu azitchulana mayina msanga, monga timachitira polonjerana. Malo aliwonse akhale ndi phokoso lake lodziwika, chigayo chapatali kapena belu la sukulu, kuti womvera adziwe komwe ali musanamuuze. Ndipo musamasulire zooneka mwauchitsiru. Munthu sanena kuti, "Bwanji ukundiloza ndi mpeni umene uli m'dzanja lako lamanja?" Amangoti, "Ika pansi chimenecho, mwanawe." Womvera wauona kale mpeniwo.

Zogwetsa. Amene amalipira masewero a pa wailesi kawirikawiri ndi mabungwe okhala ndi uthenga. Si kulakwa, ndipo ambiri tinaphunzirira pomwepo. Koma uthenga ukalowa m'kamwa mwa wosewera osaphikidwa, anthu ako amasanduka zikwangwani zolankhula, womvera n'kusintha siteshoni. Ndinalembapo sewero lina la bungwe lina, ndipo atalibweza ndinapeza gogo wa kumudzi akulankhula ngati lipoti la msonkhano wa ku hotela. Mugwirizane poyamba kuti iwo anene uthenga, inu munene mmene ulowere.

Chinanso ndi chilankhulo. Mzuzu ndi wa Chitumbuka, Chichewa, Chitonga, Kyangonde pang'ono, zonse mumsika umodzi. Pa wailesi chilankhulo ndicho nkhope ya munthu. Wosewera akanamizira Chitumbuka, omvera a ku Rumphi amamugwira pa chiganizo choyamba. Lembani mmene anthu amasakanizira zoona, kholo likuyankha m'Chitumbuka mwana atafunsa m'Chichewa, ndipo mbali iliyonse muipatse mwini chilankhulocho.

Kanema wamfupi wa pa foni

Uyu ndiye aliyense akumuthamangira, ndipo mpake. Foni ya masiku ano imajambula chithunzi chabwino kuposa makamera amene wailesi ya kanema ya TVM inayamba nawo mu 1999.

Mtengo. Foni muli nayo kale kapena mnzanu ali nayo. Ndalama yoyamba isapite pa kamera. Ipite pa kamaikolofoni kopanikiza pa kolala, choimikira foni, ndi malo osungira zimene mwajambula. Chounikira nkhope chikhoza kukhala katoni yomatidwa pepala loyera. Kenako pali bandulo yokwezera kanemayo pa Facebook, TikTok kapena YouTube.

Kupezeka. Malo ojambulira Mzuzu anatipatsa mosaumira. Chifunga cha m'mawa mu Juni, mapaini a ku Chikangawa, msewu wokhotakhota wotsikira ku Nkhata Bay, piringupiringu wa ku Taifa Market. Mitambo yathu imafewetsa kuwala kotero nkhope sizichita mithunzi yakuda ngati dzuwa la ku Karonga. Kuipa kwake, thambo la Mzuzu limasintha kanayi pa tsiku: theka la zokambirana mwajambula kuli chifunga, theka lina dzuwa lili phwee, polumikiza zimakana. Pa kulumikizako pulogalamu ya CapCut imakwana pa foni. DaVinci Resolve ndi yaulere koma imafuna kompyuta yamphamvu.

Kusamalira. Chilichonse chimene mwajambula chikhale malo awiri tsiku lomwelo. Ndikunena ngati munthu amene anataya masiku anayi a ntchito pa memori khadi imodzi yogula yotchipa. Ndinakhala pa mwala pa Katoto, khadi ili m'manja, osadziwa chowauza anzanga amene anajomba ku ntchito chifukwa cha ine.

Zogwetsa. Mawu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chithunzi chowala, koma olankhula akumveka ngati ali m'chitsime, njinga yamoto ikudutsa, tambala wa aneba akulira, tchalitchi chapafupi chayatsa zokuzira mawu. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka sawapirira. Ngati mulibe maikolofoni, ikani foni yachiwiri m'thumba la malaya a wosewera, wombani m'manja kamodzi poyamba kuti polumikiza mudzapeze pogwirizanitsa. Mukamaliza, aliyense akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo lokha, lidzakuthandizani kutseka mipata.

China ndi mbali yoimako kamera. Anthu awiri akamalankhulana, ganizirani chingwe chochoka kwa wina kupita kwa mnzake, kamera ikhale mbali imodzi ya chingwecho. Mukadumpha, onse amaoneka ngati akuyang'ana kumodzi, woonera n'kusokonezeka osadziwa chifukwa. Nyimbo za eni zingachititse kuti kanema wanu atsekedwe mawu kapena achotsedwe. Pamsika pemphani chilolezo, chifukwa mayi wogulitsa tomato sanabwere kudzakhala wosewera wanu. Ndipo za ndalama ndinene mosabisa: kanema wamfupi amabweretsa dzina ndi luso, kwacha kawirikawiri ayi.

Ubwino wake kwa wolemba ndi woti amakuphunzitsa kudula. Pa kalembedwe ka filimu, tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi. Kanema wa mphindi zisanu ndi masamba asanu: munthu mmodzi, chimene akufuna chimodzi, chomutchinga chimodzi. Mulibe malo a malonje aatali aja a "mwadzuka bwanji, kaya anzathu, ana adzuka bwanji" amene amadya theka la mafilimu athu.

Filimu yaitali

Zimatheka, ndipo Amalawi anazichita. Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya mafilimu a mu Africa ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Shemu Joyah anapambana yomweyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Koma onani kuti kuchoka pa filimu yake ina, The Last Fishing Boat ya 2012, kufika pa imeneyo, ya 2017, panadutsa zaka zisanu, kwa munthu wodziwa kale ntchito. Ndipo musadziyerekeze ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019. Inajambulidwa ku Kasungu, Chichewa chikumveka, koma ndalama ndi zipangizo zinachokera kunja.

Mtengo. Mphindi 90 ndi masamba pafupifupi 90. Gulu laling'ono likamajambula masamba anayi kapena asanu pa tsiku, ndi masabata atatu. Masiku onsewo anthu 15 kapena 20 adye, ayende, ena agone. Nsima ndi mafuta a galimoto zimadya ndalama kuposa kamera. Mukamaliza kujambula mwangofika pakati: kulumikiza, kukonza mawu, nyimbo, ndi mawu olembedwa pansi a Chingerezi ngati mukufuna zikondwerero za mafilimu zakunja.

Kupezeka. Anyamata ojambula maukwati ndi mavidiyo a nyimbo muno ali ndi makamera abwino, ena ndi ma drone omwe. Koma kujambula ukwati n'kutsatira zimene zikuchitika, pomwe kujambula filimu n'kupanga zimene zichitike, ndipo si onse amene adziwa kusiyana kwake. Magetsi ojambulira ndi akatswiri a mawu ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Lilongwe ili pa mtunda woposa makilomita 300, ndiye wobwera naye mumulipirira ulendo ndi pogona. Kuonetsa kwake muno ndi holo ndi purojekita, kutanthauza kuti mavuto onse a sewero la pa siteji aja akudikiraninso kumapeto.

Kusamalira. Ambiri amajambula Loweruka lokha chifukwa cha ntchito ndi sukulu, filimu n'kutenga chaka. M'chakacho wosewera wameta, wina wanenepa, wina ndi woyembekezera, chimanga chimene chinali chobiriwira kuseri kwa nyumba chauma n'kukololedwa. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kujambula ndi kulemba zovala, tsitsi ndi katundu wa chochitika chilichonse. Aliyense asaine pepala lovomereza, ngakhale ndi msuweni wanu.

Zogwetsa. Yoyamba ndi filimu yosatha. Mu Mzuzu muno muli ma hard drive ambiri osunga theka la filimu. Yachiwiri ndi kubedwa: tsiku limene filimu yafika pa flash ya munthu mmodzi, mawa ili ku ma burning centre, ikukopedwa pa mtengo wa mandasi, inu osaonako kanthu. Ndalama yanu yeniyeni ili pa masiku oyamba oonetsa m'holo, choncho fayilo isatuluke m'manja mwanu masikuwo asanathe. Yachitatu ndi ija ndinayamba nayo: kujambula sewero la pa siteji n'kulitcha filimu, kamera itaima pakona, anthu akukuwa ngati akulankhula ndi wa kumbuyo kwa holo. Pa kamera nsidze imodzi ikakwera yanena kale zonse.

Ndiye musankhe iti?

Ngati ndinu gulu la sukulu kapena la achinyamata a mpingo, anthu muli nawo ambiri koma ndalama ayi, pitani pa siteji. Sewero likhale la mphindi 40, muzilionetsa malo osiyanasiyana, mukonze mukamva mmene anthu alilandirira.

Ngati ndinu wolemba nokha, makutu anu amagwira mmene anthu amalankhulira m'minibasi, ndipo kope lanu ladzaza zokambirana, yanu ndi wailesi. Jambulani magawo atatu a mphindi khumi m'chipinda chanu, muwatumize pa WhatsApp, muone ngati anthu afunsa gawo lachinayi. Akafunsa, muli ndi chopita nacho kwa mkulu wa mapulogalamu. Chimodzimodzi ngati mukufuna kufikira anthu a kumidzi ya Mzimba, Rumphi ndi Chitipa.

Ngati mumaganiza m'zithunzi, ndipo tsamba lanu lija linapirira mutadula mawu, yambani ndi kanema wamfupi. Mupange atatu, aliyense wosapitirira mphindi zisanu ndi ziwiri, mmodzi mwa iwo wopanda wolankhula ngakhale mmodzi.

Ngati bungwe lakupatsani ndalama ya uthenga, funsani kaye kumene anthu ofunika kumva uthengawo ali. Akakhala m'tauni ndi mafoni, kanema wamfupi. Akakhala kumudzi, wailesi, kapena sewero la pabwalo limene anthu amalowererapo n'kukambirana, monga ankachitira a Travelling Theatre a ku Chancellor College.

Filimu yaitali isiyireni amene wamaliza kale makanema aafupi angapo, ali ndi munthu wa mawu wodalirika, ndalama ya chakudya ndi mafuta ya masiku onse ili pamanja osati m'malonjezo, ndipo osewera avomera kupatula masabata atatu otsatizana m'chilimwe, pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, mvula isanabwerere pa Kaning'ina.